Ayodini wa mu mchere wanu amatha kuthawa

Pa paketi ya mchere imene mumagula ku golosale kapena pa msika pamakhala mawu akuti sal iodado, ndipo ngati mcherewo waolokera kuno kudzera pa Nayuchi kapena pa Chiponde pamalembedwa kuti iodised salt. Ambiri mwa inu munamva kale pa wailesi ndi ku sikelo kuti mchere wotere ndi umene umateteza banja ku kutupa kwa pakhosi. Zimenezo ndi zoona. Koma pali mbali ina imene sinenedwa kawirikawiri. Ayodini amene amathiridwa mu mcherewo si mwala woti akhala momwemo mpaka kalekale. Ndi mankhwala amene amasintha akakumana ndi zinthu wamba za pakhomo monga mpweya, madzi, dzuwa, kutentha kwa moto ndi zowawasa. Akasintha amatha kuuluka, mchere n'kutsala woyera bwinobwino, wokolera monga kale, koma wopanda chimene munaugulira.

M'tsamba lino tikufotokozerani mmene zimenezi zimachitikira, kuti mayi amene akusankha poika mchere m'khitchini, ndi bambo amene amaugulitsa pa thebulo pa msika, adziwe chimene akuchita.

Kodi thupi limamufuniranji ayodini?

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, muli kachiwalo kooneka ngati gulugufe kotchedwa chithokomiro. Ntchito yake ndi kupanga timadzi totchedwa mahomoni, timene timalamulira mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima komanso kukula kwa ubongo wa mwana. Popanda ayodini timadzi timeneti sitingapangidwe. Ayodini akachepa m'magazi, chithokomiro chimakula poyesa kukola ngakhale kochepa kamene kakudutsa, monga amachitira msodzi powonjezera maukonde nsomba zikachepa pa Chilwa. Kukula kumeneko ndiye chotupa chimene mumachiona pakhosi, chimene ku chipatala amachitcha bócio.

Chotupacho ndi chimene maso amaona, koma vuto lalikulu ndi lobisika. Mayi woyembekezera amene alibe ayodini wokwanira akhoza kupita padera, kubereka mwana wakufa, kapena kubereka mwana amene ubongo wake sunakule mokwanira: wochedwa kulankhula, wosamva bwino, wovutika kugwira za m'kalasi. Ubongo ukaonongeka mwana ali m'mimba, palibe mchere kapena mankhwala amene angaubwezeretse pambuyo pake.

Chodabwitsa ndi kuchepa kwa ayodini amene thupi limafuna. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amafunika maikulogalamu 150 pa tsiku, mwana wosapitirira zaka 5 amafunika 90, wa zaka 6 mpaka 12 amafunika 120, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250. Mu galamu imodzi muli maikulogalamu 1,000,000. Mukawerengera moyo wonse wa munthu wa zaka 70, ayodini yense amene thupi lake lafuna sapitirira sipuni yaing'ono imodzi. Vuto ndi lakuti sipuniyo simungaimwe tsiku limodzi n'kuthana nazo. Imafunika pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Nanga bwanji kuno kwathu timasowa kanthu kochepa chotere? Ayodini wambiri wa pa dziko lapansi ali m'nyanja zazikulu za mchere, monga ija ya ku Nacala ndi ku Pemba. Nthaka ya kumtunda, kutali ndi nyanja zoterezi, mvula yakhala ikuitsuka kwa zaka zosawerengeka, kotero chimanga, chinangwa, mpunga ndi nandolo zimene timalima ku Mecanhelas, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba zimakula zili ndi ayodini wochepa kwambiri. Matemba a ku Chilwa, makumba ndi milamba ya ku Chiuta ndi Amaramba ndi ndiwo zabwino zomanga thupi, koma ndi nsomba za m'madzi a kumtunda, sizingafanane ndi carapau wa m'nyanja yaikulu pa nkhani ya ayodini. N'chifukwa chake Niassa yakhala ikuwerengedwa pakati pa zigawo zimene kutupa kwa chithokomiro kunafala kwambiri. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2004 anapeza kuti m'dziko lonse la Mozambique ana 68 mwa 100 alionse a zaka 6 mpaka 12 anali operewera ayodini m'thupi.

Ena amaganiza kuti mchere wa miyala wochokera ku gombe, wa ku Mossuril, Lumbo kapena Nacala, uli kale ndi ayodini popeza unachokera m'nyanja. Ayi ndithu. Madzi a m'nyanja akaumitsidwa pa dzuwa, mchere wotsalawo umakhala ndi ayodini wochepa zedi, wosati n'kuthandiza thupi. Chimodzimodzinso mchere umene makolo athu ankatcheza kuchokera ku dothi la m'mbali mwa Chilwa. Ayodini amachita kuthiridwa ndi munthu. Ku Malawi lamulo lokakamiza zimenezi linakhazikitsidwa mu 1995. Ku Mozambique linabwera mu 2000, ndipo linalimbikitsidwanso mu 2016 pamodzi ndi malamulo owonjezera michere yofunika mu ufa, shuga ndi mafuta ophikira.

Abale awiri: ayodaidi ndi ayodeti

Ayodini payekha sangathiridwe mu mchere. Ndi timiyala todera tonyezimira, tonunkha, timene timasanduka mpweya tokha tikangosiyidwa poyera. Choncho amayamba amumanga kaye ndi chinthu china chotchedwa potaziyamu. Dzina limeneli lisakuopseni. Potaziyamu mumamudziwa kale, muli naye mu nthochi, mu nyemba, ndiponso mu chidulo chimene mumatcheza ku phulusa pophika therere. Ngakhale dzina lake lachizungu linachokera ku phulusa lotchezedwa mu mphika. Komatu chidulo chili ndi potaziyamu yekha, ayodini mulibe.

Pomanga ayodini ndi potaziyamu pamatuluka mankhwala a mitundu iwiri amene mayina awo amafanana mosokoneza. Woyamba ndi potaziyamu ayodaidi, amene ana a ku sekondale amamulemba kuti KI. Wachiwiri ndi potaziyamu ayodeti, KIO3, amene pa mapaketi a kuno amalembedwa kuti iodato de potássio. Onse awiri ndi ufa woyera wooneka ngati mchere womwewu. Thupi limawalandira onse, ndipo ayodeti akafika m'mimba amasandutsidwa ayodaidi asanalowe m'magazi. Kusiyana kwawo kuli pa kupirira.

Tiyerekeze ndi mbuzi. Mu potaziyamu ayodaidi, ayodini ali ngati mbuzi yomangidwa ndi chingwe chimodzi. Mu mpweya umene timapuma muli okosijeni, ndipo okosijeniyo amatha kudula chingwecho. Payekha amadula pang'onopang'ono kwambiri, koma akapeza omuthandiza ntchito imathamanga. Omuthandizawo ndi chinyezi, kuwala kwa dzuwa, kutentha, kuwawasa kulikonse, ndi tizitsotso ta chitsulo kapena dzimbiri timene timapezeka mu mchere wosayeretsedwa. Chingwe chikaduka, ayodini amabwerera mu mkhalidwe wake uja wosakhazikika, n'kuuluka. Botolo la potaziyamu ayodaidi likakhalitsa losatsekedwa bwino m'chipinda choyesera zinthu cha pa sukulu, ufa uja umasanduka wachikasu. Chikasucho ndi ayodini amene wamasuka, ali pa ulendo.

Mu potaziyamu ayodeti, ayodini anamangidwa kale ndi tizigawo titatu ta okosijeni, ngati mbuzi ya zingwe zitatu, kotero okosijeni wa mu mpweya alibenso poti agwire. Ichi ndicho chifukwa chake maiko otentha ndi a chinyezi monga Mozambique ndi Malawi anasankha ayodeti. Maiko ozizira amene anayamba kuthira ayodini mu mchere, Switzerland mu 1922 ndi chigawo cha Michigan ku America mu 1924, anayamba ndi ayodaidi, ndipo ku America amathiramonso kashuga pang'ono kuti kateteze chingwe chija.

Koma musaganize kuti zingwe zitatu siziduka. Mchere wa miyala wosayeretsedwa umakhala ndi michere ina imene imakoka madzi kuchokera mu mpweya, n'chifukwa chake umanyowa wokha nthawi ya dzinja ngakhale sunagwere mvula. Ayodini sanalowe mkati mwa timiyalato, anangowazidwa pamwamba ngati mame. Mchere ukanyowa, madziwo amamusungunula n'kutsika naye pansi pa thumba, kapena kumumwetsa ku saka ndi ku pepala. Zitsotso za mu mchere wakuda nazonso, pamodzi ndi kutentha, zimatha kumasula ayodeti pang'onopang'ono mpaka ayodini n'kuuluka.

Taganizirani ulendo wa mchere umene mumadya. Kuchokera ku gombe la chigawo cha Nampula kufika ku Cuamba ndi makilomita oposa 500, ndipo kuchokera ku Cuamba kufika ku Entre Lagos pa njanji ndi ena 77. Thumba limakwezedwa, limatsitsidwa, limagona m'nyumba yosungira katundu, kenako limatsegulidwa pa msika. Apo mchere umathiridwa pa saka kapena m'beseni, n'kumagulitsidwa pa kapu kapena pa timilu, dzuwa likuomba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mawa lakenso chimodzimodzi. A WHO amawerengera kuti ngakhale zinthu zitayenda bwino, magawo 20 mwa 100 a ayodini amatayika pakati pa fakitale ndi khomo lanu, ndipo ena 20 amatayika pophika. Pamenepo ndi pamene zayenda bwino. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2008 anapeza kuti mabanja oposa theka ku Mozambique anali ndi mchere woonetsa ayodini, koma banja limodzi lokha mwa anayi ndilo linali ndi mchere wokhala ndi ayodini wokwanira. Pena vuto linali kuthira moperewera ku malo opangira mchere, pena linali la m'njira.

Kuchuluka kwake n'kochepa kale poyambira. Muyezo umene WHO imalimbikitsa ndi mamiligalamu 20 mpaka 40 a ayodini pa kilogalamu imodzi ya mchere. Titenge pakati, 30. Ndiye kuti m'thumba lathunthu la makilogalamu 50 muli ayodini wolemera galamu imodzi ndi theka basi. Magalamu 5 a mchere wotere, omwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, amapereka maikulogalamu 150 aja a munthu wamkulu. Palibe zambiri zoti n'kutayako.

Zimene zimachitika pakhomo

Chizolowezi chimene chimaononga kwambiri ndi kutsuka mchere. Mayi waukhondo akaona mchere wa miyala uli ndi fumbi ndi timchenga, amautsukuluza m'madzi, n'kuuyanika pa lichero padzuwa, kenako n'kusinja. Cholinga ndi chabwino, koma popeza ayodini ali pamwamba pa timiyalato, madzi oyamba omwewo ndi amene amapita naye. Potaziyamu ayodaidi amasungunuka msanga kuposa mchere weniweniwo: madzi okwana mamililita 100 amasungunula magalamu pafupifupi 36 a mchere, koma a ayodaidi amasungunula oposa 140. Ayodeti sasungunuka kwambiri chotero, koma poti ndi wochepa zedi, madzi ochepa amamukwanira. Ngati mchere ndi wakuda moti simungaudye osautsuka, kuli bwino kugula wina.

Chachiwiri ndi malo osungira. M'makhitchini ambiri mchere umakhala pa nsanja ya pamwamba pa moto kapena pafupi ndi mafuwa, kuti usanyowe ndiponso kuti dzanja lizifikira msanga. Pamenepo pamakumana kutentha ndi nthunzi ya m'miphika tsiku lililonse. Ena amausunga m'chitini cha dzimbiri, ena pa pepala la nyuzi, ena mu paketi yake yomwe yong'ambidwa pakamwa n'kusiyidwa yasaa. Chimene chimasunga bwino ndi botolo lagalasi kapena chigubu chapulasitiki chouma, chokhala ndi chotsekera cholimba, choikidwa pa mthunzi kutali ndi moto. Tapani ndi sipuni youma, osati ndi dzanja lonyowa kapena chipande chochokera mu mphika. Ndipo kugula pang'onopang'ono, mchere woti utha m'miyezi iwiri kapena itatu, n'kwanzeru kuposa kusunga thumba chaka chonse.

Pophika, ndiwo zowira nthawi yaitali monga nyemba ndi nandolo wouma muzithira mchere chakumapeto, ndipo muzivundikira. Apa tisakokomeze: kutayika kwa pa moto n'kocheperapo poyerekeza ndi kwa kutsuka kapena kwa thumba lonyowa. Koma kudikira pang'ono sikulira ndalama.

Ena amafunsa ngati mandimu, matimati kapena bwemba siziononga mchere wa ayodini mpaka kusanduka poizoni. Sizitero. Vitamini C wa mu mandimu amasandutsa ayodeti kukhala ayodaidi, yemwe ndi amene thupi limafuna. Idyani mosaopa.

Dontho limene limaulula

Kusakhazikika komweku kwa ayodini ndi kumene kumatithandiza kumugwira. Ayodini anatulukiridwa mu 1811 ndi Bernard Courtois wa ku France, amene ankatcheza phulusa la zomera za m'nyanja. Atathira asidi wamphamvu m'madzi a phulusalo kunatuluka utsi wa pepo. Patangopita zaka zitatu, mu 1814, akatswiri ena a ku France komweko anaona kuti ayodini womasuka akakhudza sitachi, mtundu umasintha kukhala buluu woderako kwambiri. Sitachi ndi chimene chimachuluka mu ufa wa chimanga, chinangwa, mpunga ndi mbatata. Ngati pakhomo pali mankhwala ofiirira aja opaka pa bala, dontheza dontho limodzi pa kambamu ka nsima yozizira, muona pakuda nthawi yomweyo. Kansima kameneko mukataye, kasadyedwe.

Mwina mukufunsa kale kuti, nanga bwanji mchere wa ayodini ukawazidwa pa nsima kapena pa chinangwa chophika sipada? Yankho ndi zingwe zija. Sitachi amasintha mtundu ndi ayodini womasuka yekha. Ayodaidi ndi ayodeti, pokhala omangidwa, samuchititsa kanthu. Choncho nsima yosasintha mtundu si umboni woti wogulitsa anakunamizani.

Oyendera misika a zaumoyo ndi ochita kafukufuku m'midzi amayenda ndi timabotolo ta madontho toyezera mchere. M'madonthowo muli zinthu zitatu: sitachi, asidi pang'ono, ndi potaziyamu ayodaidi. Abale awiri aja, ayodaidi ndi ayodeti, amakhala mwamtendere pamene palibe asidi. Asidi akangofika amatembenukirana, zingwe za onse awiri zimaduka, ayodini amamasuka, ndipo sitachi amamugwira pompo. Dontho likagwa pa mchere wokhala ndi ayodeti, pamaoneka buluu kapena pepo m'kanthawi kochepa. Likagwa pa mchere wopanda kanthu pamangonyowa. Woyezayo amayerekeza mtunduwo ndi kakhadi kake, pofuna kuona ngati ukufika pa mamiligalamu 15 pa kilogalamu, womwe ndi muyezo wochepetsetsa wa mchere wa pakhomo. Dontholo limanena bwino ngati ayodini alimo kapena mulibe, koma kuchuluka kwake kwenikweni kumayezedwa ku labotale.

Pali njira ya pakhomo imene imamveka m'makwalala, yothira mchere pa mbatata yodula kapena pa chinangwa chopala n'kufinyirapo ndimu. Nthawi zina pamaonekadi pepo. Koma vitamini C wa mu ndimu, amene amayamba n'kumasula ayodini, akachuluka amamumanganso, mtundu n'kuzimirira kapena osaoneka n'komwe. Pakaoneka pepo, ayodini alimo. Pakapanda kuoneka, musathamangire kukakalipira wa pa msika.

Kwa inu osintha makwacha ndi meticais pa malire, zolembera zija zoyesera ndalama zachinyengo zimagwira ntchito ndi nzeru yomweyi. Inki yake ili ndi ayodini. Pepala wamba lili ndi sitachi ndiye limada, pepala la ndalama lilibe. Komabe cholembera chimapusitsika, maso ndi zala zisagone.

Klorini ndi zina za m'botolo

Chimene chimadula chingwe cha ayodaidi mwachangu kuposa mpweya ndi klorini, amene ali mu javel kapena jik, ndiponso mu Certeza ndi WaterGuard zothira m'madzi akumwa. Dontho la javel likagwa m'madzi oyera osungunuliramo potaziyamu ayodaidi, madziwo amasanduka ofiirira nthawi yomweyo, chifukwa klorini amalanda malo a ayodini pa potaziyamu n'kumukankhira kunja. Izi zisakuchititseni kusiya kuthira mankhwala m'madzi. Mchere wathu uli ndi ayodeti, amene klorini samusuntha chotero, ndipo klorini wotsala m'madzi akumwa ndi wochepa kwambiri. Kolera amene anavuta ku Niassa ndi ku Malawi mu 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Chimene simuyenera kuchita ndi kusakaniza javel ndi viniga, mandimu kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa pamatuluka mpweya wopweteka maso ndi mapapo.

Água oxigenada, madzi aja ochita thovu pa bala, akakumana ndi potaziyamu ayodaidi amaphwanyika msangamsanga kukhala madzi wamba ndi okosijeni, ndipo ngati muli sopo thovu limasefukira. Ayodaidi mwini wake satha, ali ngati wokolezera ndewu amene iye samenyedwa. Aphunzitsi amakonda kuonetsa zimenezi m'kalasi, koma si masewera a pakhomo.

Chothandiza kwambiri ku chipatala ndi ichi. Ayodini payekha sasungunuka bwino m'madzi, koma mukathiramo potaziyamu ayodaidi amasungunuka mosavuta. Dokotala wa ku France, Jean Lugol, anapanga madzi oterewa mu 1829, ndipo amatchedwa ndi dzina lake. Ku labotale amawagwiritsa ntchito kuti tizilombo ta m'chimbudzi tioneke bwino pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. M'zipatala zina amawapaka pa khomo la chiberekero pofufuza khansa: malo abwino amada, malo okayikitsa amatsala achikasu. Mankhwala opaka pa bala nawonso ndi a ayodini, koma ndi opaka basi. Kumwa madontho ake poganiza kuti chotupa cha pakhosi chiphwa ndi kudziika pa ngozi.

Chinangwa chowawa

Pali chinthu china chimene sichiononga ayodini mu mchere, koma chimamutsekereza m'thupi. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wotchedwa sayanaidi. Chikaviikidwa m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka kufewa, kenako n'kuumitsidwa bwino, poizoni wambiri amachoka. Chikadyedwa chosakonzedwa mokwanira, thupi limasandutsa poizoniyo kukhala chinthu china chotchedwa tayosayaneti, chimene chimafanana msinkhu ndi ayodaidi. Pa khomo lolowera m'chithokomiro ziwirizi zimalimbirana, ndipo tayosayaneti akachuluka, ayodini wochepa uja amatsala panja n'kutuluka ndi mkodzo. Munthu amene akudya chinangwa chosaviika ndi mchere wopanda ayodini wamenyedwa mbali ziwiri.

Izi zimachitika kwambiri chaka cha njala, pamene anthu safuna kudikira masiku oviika. Mu 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula anapuwala miyendo ndi matenda amene kumeneko anawatcha mantakassa, ndipo gwero lake linali chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Kupuwalako ndi matenda ena, osati a chithokomiro, koma poizoni wake ndi mmodzi yemweyo.

Akachuluka nayenso amavulaza

Potaziyamu ayodaidi amapezekanso ngati mapiritsi. Amatchuka kwambiri pa ngozi za nyukiliya, pamene mu mpweya mumafalikira ayodini woipa woyambitsa khansa. Piritsi limadzaza chithokomiro ndi ayodini wabwino kuti woipayo asowe malo. Ngozi ya ku Chernobyl itachitika mu 1986, dziko la Poland linamwetsa ana oposa 10 miliyoni madzi a Lugol pa chifukwa chimenechi. Piritsi limodzi la munthu wamkulu ndi la mamiligalamu 130, ndipo ayodini wake amaposa wa pa tsiku uja maulendo oposa 600. Si mavitamini ogula pa msika. Munthu amene akumwa mankhwala a BP monga enalapril ndi captopril, kapena spironolactone, akawonjezera potaziyamu wotere akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo kwa mayi woyembekezera kumwa mobwerezabwereza kumatupitsa chithokomiro cha mwana ali m'mimba.

Ngakhale mu mchere, muyezo ukapitirira pamabuka mavuto. Ku Zimbabwe, m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, mchere wa ayodini utafala, madokotala a ku Harare anaona kuwonjezeka kwa odwala amene chithokomiro chawo chinayamba kugwira ntchito mopitirira, makamaka achikulire amene anakhala ndi zotupa zaka zambiri. Mchere wina unapezeka kuti unathiridwa ayodini wochuluka mopyola. N'chifukwa chake kuyeza kumafunika ku mbali zonse ziwiri.

Musawonjezerenso mchere m'ndiwo pofuna ayodini wambiri. Sipuni yaing'ono imodzi pa tsiku kwa munthu wamkulu, kuwerengera zakudya zonse, ndiwo malire, chifukwa mchere wambiri umakweza BP.

Kwa amene ali kale ndi chotupa: chaching'ono ndi chofewa, makamaka mwa ana ndi achinyamata, chimatha kuchepa pakapita miyezi munthu akudya mchere wa ayodini. Chachikulu, cholimba, cha mabuledu mkati, chimene chakhala zaka, sichiphwa ndi mchere, ndipo kutema mphini sikuchichepetsa. Pitani ku chipatala msanga ngati chotupa chikukula mofulumira, ngati mawu asasa osabwerera, ngati mukuvutika kumeza kapena kupuma mukagona chagada, kapena ngati mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera ndipo mukuonda pamene mukudya bwino. Mukafika, auzeni adokotala zaka zimene chotupacho chakhala, mchere umene mumadya, ndi mankhwala alionse amene mukumwa, a ku chipatala ndi a zitsamba omwe.